Dinari Imene Inakana Kuimba

Inu mumati mizimu imadikira mdima? Bodza limenelo. Za kwa Emerensiana zinkachitika dzuwa likuswa mtengo, Lamulungu masana, anthu atangobwera ku Misa, nkhuku zitayasama kukamwa pansi pa nkhokwe chifukwa cha kutentha. Sendezani mipando mumve bwino, ndipo amene akutafuna chimanga ayambe wameza.

Emerensiana anali mkazi wa a Kalisito Nyangulu, mphunzitsi wa Chilatini pa kaseminale kena ka kuseri kwa phiri, cha kumtunda kwa Balaka. A Kalisito mowa sankaudziwa, bawo sankasewera. Matenda awo anali amodzi basi: ndalama zasiliva za Aroma akale. Zoyamba anawasiyira ndi wansembe wina wa ku Italiya amene ankamutumikira pa Misa ali mnyamata, zina ankachita kuitanitsa kunja akalandira malipiro, mkazi akudandaula kuti denga likudontha. Musaganize kuti zinali ndalama zogulira mchere ayi. Tinali tinthu tating'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu, tokhota m'mbali, takuda ndi ukalamba. Dzina lake ankati dinari, ndipo iliyonse inali ndi kadzenje kake m'kabokosi ka mlombwa.

Lamulungu lililonse akadya, a Kalisito ankatulutsa kabokosiko pakhonde, pamodzi ndi galasi lokuza zinthu ndi chidutswa cha mwala woyera umene unatsala pomanga guwa la tchalitchi. Emerensiana ankakhala pamphasa n'kumasankha nyemba.

"Taona, Emere," iwo ankatero, "dinari umayamba ndi nkhope. Uyu wa khosi lonenepa ngati wogulitsa nyama pamsikayu ndi Vesipasiyano. Wandevuyu ndi Hadiriyano. Ukatha nkhope uwerenge malembo ozungulirawa, kenako uitembenuze. Ukatero uyang'ane m'mphepete. Yeniyeni anachita kuisula ndi nyundo, ilibe msoko. Yabodza amaithira m'chikombole, msoko subisika. Koma womaliza kuweruza ndi mwalawu."

Akatero ankaigwetsa pamwala paja. Ngeee! Kulira kwake kunali kowonda, kotalika, ngati kabelu ka pa Misa kakumvekera kutsidya kwa dambo.

"Wamva? Siliva amaimba. Mtovu umangoti phu, ngati chitosi chagwa padothi."

Emerensiana ankaseka n'kuwauza kuti ndi amisala. Koma makutu ankamva, ndipo pa zaka zonse zija anafika pozindikira ndalama iliyonse ndi mawu ake, ngakhale ali kukhitchini.

Dinari imodzi sinkakhala m'bokosimo. Inkakhala pakhosi pa Emerensiana. Anzake pofunsiridwa ankalandira chikole cha mpango kapena sopo wonunkhira, koma iye a Kalisito anamupatsa dinari ya nkhope ya mkazi womanga tsitsi kumbuyo, dzina lake Fausitina. Kuseri kwake kunali mwamuna ndi mkazi atagwirana dzanja. Tsiku limenelo anaigwetsa pamwala wa pamtsinje, ndipo inaimba kuposa zonse.

"Awiriwa agwirana dzanja kuyambira kalekale, Uthenga usanafike kuno," anatero a Kalisito. "Mpaka lero sanatayane. Ndi ife amenewa."

Mkazi wake uti sangakomoke ndi mawu otere? Emerensiana anasiya mudzi wa amayi ake ku Ntcheu, n'kupita ku chitengwa, abale ake akung'ung'udza. Mwana m'nyumbamo sanabadwe. Anayenda m'zipatala, anamwa mizu yowawa, koma ayi ndithu. A Kalisito sanamunyozepo ngakhale tsiku limodzi. Atawatumiza kukaphunzitsa ku Chigwa cha Shire kwa kanthawi, anapempha dinari ija kuti akaitsuke, poti thukuta linali litaidetsa. Pobwerako anaibweza itasokeredwa m'kathumba kachikopa, msoko wothina bwino.

"Usamatsegule, Emere. Mphepo ndi thukuta zimadya siliva. Iyi ndi yako, sitiyesanso pamwala. Ine ndimayesa zimene ndikuzikayikira."

Emerensiana anaona ngati ulemu waukulu. Kathumbako anakavala pamodzi ndi korona mpaka imvi zinamera, osakatsegula.

Tsono a Kalisito anamwalira mvula itangotha, ndipo anawaika kumanda a pamishoni. Atameta maliro, mlongo wake wa Emerensiana, a Lufeyo, anabwera kuchokera ku Ntcheu.

"Chemwali, tiyeni kwathu," anatero. "Kuno mulibe mwana, mulibe mbumba. Mukadzatsikira kuli chete, akakuikeni pafupi ndi amayi, monga timachitira ife."

"Achimwene, pepani. Malo anga ali pambali pa bambo Nyangulu, kudzanja lawo lamanzere. Tinapangana. Mmisiri ndamuuza kale kuti chiliza amange chachikulu, cha anthu awiri, dzina langa alembepo kudikira tsiku."

A Lufeyo anapukusa mutu. Anati adzabweranso mmisiriyo akamayamba ntchito, kumayambiriro kwa Okutobala, mwina mtima udzakhala utasintha. Emerensiana anangoti adzabwere adzaone chilizacho.

Zinayamba pang'onopang'ono, ngati kudontha kwa denga.

Lamulungu lina atabwera ku Misa anagona pamphasa pabalaza, chitseko chili pululu. Kunja kunali zii, ngakhale njiwa zinali zitatopa. Ali pakati pa tulo ndi maso anamva pakhonde: ngeee!

Anadzuka. Ameneyo ndi Vesipasiyano, sangamusokoneze ndi wina. Ngeee! Hadiriyano. Zinalira motsatana, mmene mwini wake ankazigwetsera, mpaka yomaliza. Kenako kunakhala chete wautali, chete wa munthu amene watambasula dzanja akudikira kuti umupatse kanthu.

Atatuluka anapeza khonde lili lokhalokha. Kabokosi kanali kuchipinda, kokhoma, kiyi ali m'chitini cha mabatani. Koma mwala woyera uja, umene iye anausunga pansi pa bedi, unali pakhonde, pamalo pake penipeni, pambali pa mpando wa ndalema wa a Kalisito.

Mukuganiza kuti anaopa? Ayi, mayi uja anasangalala! Analira misozi yachimwemwe, n'kupukuta mwalawo ndi nsonga ya chitenje. "Bambo, mwandisowa eti?" anatero. "Musadandaule, ndikubwera. Malo ndasunga."

Mmawa mwake posamba anaona kuti ulusi wa kathumba kaja wasomoka mbali imodzi. Anati ndi ukalamba wa chikopa, n'kusokanso. Kutacha anapeza wasomokanso, malo omwewo, osati moduka ayi, koma mosololedwa bwinobwino, bowo ndi bowo, monga amachitira munthu wodekha. Anafuna singano kuti asokenso, singano palibe. Anabwereka ya mayi woyandikana naye, nayonso inasowa dzuwa lisanalowe. Galu wa a Kalisito, amene chimwalirire mbuye wake ankagona pansi pa mpando wa ndalema, anasamukira kukhola la mbuzi, ndipo pakhonde ankadutsa mozungulira, mchira uli pakati pa miyendo.

Lamulungu lotsatira ndalama zinaimbanso. Zitatha, Emerensiana anamva chingwe cha pakhosi pake chikukokedwa. Sikunali kukoka kwaukali. Kunali ngati mwana akukoka chitenje cha mayi ake pamsika. Apa ndiye thupi linachita tsembwe. Anagwira kathumbako ndi manja awiri.

"Iyi sitiyesa, bambo. Munanena nokha."

Chingwe chinaleka. Koma mpando wa ndalema unalira kwiii, ngati munthu wautsamira mokhumudwa.

Loweruka la sabata imeneyo, akuchokera kuchigayo ufa uli pamutu, anakumana ndi mlendo pamphambano ya pa mtengo wa mlambe. Anali mayi wachitsikana, wamtali, wakuda bii, chitenje chake cha maluwa akale amene masiku ano sagulitsanso. Kumbuyo anabereka mwana, atamufunditsa mutu womwe, dzuwa lonse lija. Mapazi ake anali mbuu, fumbi lofika m'mawondo.

"Zikomo mayi," anatero mlendoyo, mawu ake okoka ngati a anthu a kuchigwa. "Manda a pamishoni ndi njira iti?"

"Iyi yakumanjayi. Mwachokera kutali?"

"Kutali. Ndayenda nthawi yaitali." Maso ake sanali pankhope ya Emerensiana, anali pakhosi. "Aphunzitsi anawagoneka mbali iti?"

"Aphunzitsi ake ati?"

"A Nyangulu."

"Pansi pa mkungudza, kumapeto. Ndinu mwana wa sukulu wawo?"

Mlendoyo anangowerama pang'ono mwaulemu, ndipo powerama paja kanthu kena kanang'anima pachifuwa pake, kali pa ulusi wofiira. Anakhotera kumanja. Emerensiana anamuyang'ana kumbuyo, n'kuona kuti mwana uja sakugwedezeka ngakhale pang'ono, ndipo timiyendo take sitikuoneka m'mbali mwa mbereko. Anatula ufa kuti amuitane amupatse madzi. Podzutsa mutu, njira yonse mpaka kutchalitchi inali yopanda munthu, ndipo njira imene ija ilibe pobisala.

Kutacha linali Lamulungu lomaliza mmisiri asanayambe ntchito. Emerensiana ku Misa sanapite. Anakhala pakhonde kuyang'anizana ndi mwala uja, kudikira. Dzuwa litafika paliwombo zinayamba. Ngeee! Ngeee! Pamwalapo panalibe chooneka, koma fumbi la pamwamba pake linkadumpha. Yomaliza italira, ulusi wa kathumba unasololoka wokha iye akuona ndi maso ake, ndipo ndalama inagwera pachitenje pake.

Anaitola. Mayi uja anali ataphunzitsidwa, ndiye anachita monga anamuphunzitsira. Anayamba ndi nkhope. Fausitina analipo, koma nkhope yake inali yofufuma, tsitsi losaoneka bwino, ngati chithunzi cha pa sopo amene wasambidwa kale. Anatembenuza. Awiri aja analipo, koma pamene panali manja ogwirana panali chibulumwa chabe. Anayendetsa chikhadabo m'mphepete. Msoko, kuzungulira ndalama yonse.

"Ayi," anatero. "Ayi, maso angawa akalamba."

Anaigwetsa pamwala.

Phu.

Anaitola, n'kuigwetsanso. Phu. Kalanga ine, mayi uja anaigwetsa mpaka mkono unatopa, ngati kuti mtovu ungasinthe maganizo.

Mtima wake unathamangira kwa a Jenoveva, mlongo wawo wa a Kalisito, amene ankakhala kuseri kwa sukulu. Pa maliro paja, Emerensiana atakomoka ndi kulira, ndi a Jenoveva amene anamumasula korona ndi kathumba kuti apume bwino. Basi, wakuba ndi ameneyo! Anathamanga opanda nsapato, mpango uli m'manja, n'kuwapeza akusenda chinangwa.

"Alamu, ndibwezereni chikole changa!"

"Chikole chanji, alamu? Takhalani pansi."

"Sindikhala! Munandivula pa maliro, mwaika chimtovu ichi. Mchimwene wanu sakugona, akubwera masana kudzandionetsa kuti m'nyumba mwalowa mbala. Mulibe manyazi? Kubera mkazi wamasiye!"

A Jenoveva anayang'ana ndalama ija m'dzanja la Emerensiana. Sanakalipe, ndipo kusakalipa kumeneko ndi kumene kunamuopsa Emerensiana. Anaika mpeni pansi, n'kupukuta manja pachitenje nthawi yaitali.

"Msoko wa kathumbako munauona pa maliro paja kuti ndi watsopano?"

Emerensiana anayang'ana kathumbako. Msoko unali wakale, wa ulusi wa a Kalisito, wakuda ndi thukuta la zaka zonse zija.

"Ine ndinalumbira kuti sindidzanena," anatero a Jenoveva. "Koma ngati mwini wake wayamba kusolola ulusi, ine ndine ndani? Kuchigwa kuja achimwene anali ndi munthu. Dzina lake Dorika. Ankafuna mwana, alamu, musawaone kuseka kuja, nkhani ya mwana inkawadya. Makolo a mtsikanayo anafuna chikole chooneka, ndiye achimwene anapereka ndalama yanu ija. Iyi anakaumbitsa kwa mmisiri wina wowotcherera mapoto."

"Mukunama."

"Ndikanakonda ndikanakhala ndikunama. Dorika anamwalira pobereka, ndi mwana yemwe. Anamuika ndi ndalamayo pakhosi, pa ulusi wofiira. Ine ndinapita kumaliroko. Inu tinakuuzani kuti ndapita kukagula nsomba zouma."

Emerensiana anakumbukira nsomba zimenezo. Anazidya. Anayamikira kuti zinali zonona.

"Ankadziwa ndani?"

A Jenoveva anayang'ana pansi. "Amayi. Atsibweni. Akulu ena a mpingo. Tinati tikusungireni mtima."

"Mudzi wonse?"

"Achimwene anakukondani, alamu. Zimenezo zokha musakayike. Kangapo konse anafuna kukuuzani, koma akakuonani mukupsompsona kathumbako popemphera, mawu ankawathera."

Emerensiana sanalire. Misozi imafuna munthu amene ali ndi pogwira. Iye anaona zaka zake zonse zikudutsa: amayi a mpingo akumuyamikira kuti banja ndi lake, apongozi akumusisita paphewa, a Kalisito pakhonde akumuphunzitsa, Lamulungu ndi Lamulungu, mmene ungagwirire ndalama yabodza, yabodzayo ili pakhosi pake pomwepo ikumva nawo phunzirolo. Anthu onse aja ankamuyang'ana akunyadira mtovu. Zinamuwawa, abale, zinamuwawa kuposa tsiku la maliro.

Anatembenuka n'kulunjika kumanda. Dzuwa linali litapendeka, mithunzi ya mikungudza itatalika. Pamanda pa a Kalisito nkhata zinali zitauma. Kumanzere kwake kunali malo ake aja, amene ankawalambula yekha Loweruka lililonse, njerwa ndi mchenga za mmisiri zili poteropo.

Malowo sanali monga anawasiyira. Dothi silinakumbidwe ayi, koma linali litafufuma pang'ono, kutalika kwa munthu wogona, ndipo pambali pake panali kena kakang'ono. Mapazi opanda nsapato anachokera kuchipata kudzafika pamenepo. Obwerera panalibe.

Emerensiana anagwada, n'kutenga njerwa imodzi, kuiika pamutu pa manda a mwamuna wake.

"Bambo Nyangulu, ndabwera. Mumafuna tiyese, eti? Moyo wonse munalephera kutsegula pakamwa, lero mwachita kundisololera ulusi ngati mbava. Nayi, imveni nokha."

Anaigwetsa panjerwa. Phu.

Ngakhale mphepo ya m'mikungudza inaima. Kenako, kuchokera pansi, kudzanja lamanzere, pamalo pamene iye anakaniza abale ake kuti adzagonapo, panamveka mawu owonda, otalika, oyera, amene anawamva komaliza ali mtsikana pamwala wa pamtsinje.

Ngeee.

Anawazindikira. Akanalephera bwanji? Inkaimba kuposa zonse.

Mmawa mwake mmisiri anafika ndi wilibala yake, ndipo a Lufeyo anatsika minibasi yoyamba monga analonjezera. Anapeza Emerensiana atakhala pakhonde, katundu atamanga m'zitenje ziwiri. Kabokosi ka mlombwa, galasi ndi mwala woyera anali atazisiya pampando wa ndalema, kiyi ali pamwamba, kuti a kwa Nyangulu aone chochita nazo. Pakhosi pake panali korona yekha.

"Mayi, timange cha awiri chija?" anafunsa mmisiri.

"Mangani cha awiri. Musachepetse, pali ndi mwana."

Mmisiri anayang'ana a Lufeyo, a Lufeyo anayang'ana mlongo wawo.

"Nanga dzina lanu tilembe Emerensiana yekha, kapena ndi la kwanu lomwe?" anafunsanso mmisiri.

"Langa musalembe. Mukafunse a Jenoveva, akuuzani dzina loti mulembe. Malo aja ali ndi mwini wake, anapereka ndi aphunzitsi okha." Anadzuka n'kusenza mtolo umodzi. "Achimwene, nyamulani winawo. Pafupi ndi amayi paja malo alipobe?"

"Alipo, chemwali."

Anatsika pakhonde osatseka chitseko. Akufika pa mpanda, kumbuyo kwawo mpando wa ndalema unalira kwiii, ndipo pamwala paja panagwa kanthu. Phu. Kenako phu. Kenako phu, mofulumira, ngati munthu akuitana wina amene sakumumva.

A Lufeyo anaima, tsitsi litawaimirira. "Chemwali, n'chiyani chimenecho?"

"Ndi mtovu," anatero Emerensiana, osacheuka. "Tiyeni, minibasi ingatisiye."